Fupa la tsaya likathyoka: zimene madokotala amachita kuti nkhope ibwerere m'malo

Okonda mpira ambiri amamudziwa Victor Osimhen ndi chigoba chakuda chimene amavala kumaso, moti ena amayesa kuti ndi sitayilo chabe. Chiyambi chake chinali ngozi. Pa 21 Novembala 2021, timu yake ya nthawi imeneyo, Napoli, ikusewera ndi Inter ku Milan, iye anawombana mitu ndi Milan Škriniar polimbirana mpira wam'mwamba. Fupa la tsaya lakumanzere linathyoka limodzi ndi mafupa ozungulira diso. Madokotala a ku Naples anamuika tizitsulo 6 ndi timasikuluwu 18, ndipo mpikisano wa AFCON umene unachitikira ku Cameroon kumayambiriro kwa 2022 unamudutsa. Patapita chaka, Son Heung-min wa ku South Korea nayenso anathyoka mafupa ozungulira diso, n'kukasewera World Cup ya ku Qatar atavala chigoba.

Nkhani zotere zimasiya mafunso. Munthu wothyoka mkono amamuika chikhakha, nanga wothyoka tsaya amamutani? N'chifukwa chiyani nthawi zina dokotala amamubweza kunyumba kuti adzabwere sabata yamawa, chonsecho fupa lathyoka? Vutoli si la osewera mpira okha. Limagwera wokwera kabaza amene wagwa chafufumimba pa tala, mnyamata amene walandira chibakera kumowa, mayi amene wamenyedwa m'nyumba mwake momwe, ndi gogo amene waterereka kubafa.

Fupa lake ndi liti

Gwirani ndi zala pansi pa ngodya yakunja ya diso, pamene tsaya latumphuka kwambiri. Limenelo ndiye fupa limene madokotala amalitcha zygoma. Mukatsatira chakumbuyo, mumva kamlatho kopyapyala kopita kukhutu. Fupali ndi limene limachititsa kuti nkhope ikhale ndi mulifupi ndi msinkhu wake, komanso ndi gawo la khoma ndi pansi pa phanga limene diso limakhalamo.

Tiliyerekeze ndi tebulo la miyendo inayi. Pamwamba pake m'polimba kwambiri, koma miyendo yake ndi yowonda. Mwendo umodzi umakwera kukalumikizana ndi fupa la pamphumi, pafupi ndi nsonga ya nsidze. Wachiwiri ndi kamlatho kopita kukhutu kaja. Wachitatu umatsamira pa fupa la nsagwada yam'mwamba, kuyambira pansi pa diso mpaka pamwamba pa mano akumbuyo. Wachinayi ndi wobisika, umalowa m'kati mwa phanga la diso n'kukagwirana ndi fupa la chigaza lotchedwa sphenoid. Mabuku akale ankangowerenga miyendo itatu, ndipo wachinayiwu unayamba kupatsidwa ulemu wake pamene makina ojambula anayamba kuuonetsa bwino.

Chibakera kapena tala akamenya tsaya, kawirikawiri pakati pa fupa sipasweka. Imathyoka ndi miyendo, ndipo fupa lonse limasuntha lili lathunthu, kulowa m'kati, kutsika pansi, kapena kupotoloka. Ikathyoka miyendo yonse, madokotala amalemba mwachidule kuti ZMC. Nthawi zina kamathyoka ndi kamlatho kokha, n'kupindikira m'kati.

Pali zinthu zitatu zoyandikana ndi fupali zimene zimafotokoza madandaulo a wodwala. Pansi pa diso pali kabowo kotulukira mtsempha umene umachititsa kuti tsaya, mbali ya mphuno, mlomo wam'mwamba ndi nkhama zam'mwamba zizimva kukhudza. Mng'alu umakonda kudutsa pa kabowo komweko, ndiye munthu amamva dzanzi ngati wabayidwa jakisoni wozulira dzino. Pansi pa kamlatho pamadutsa nsonga ya nsagwada yam'munsi tikamatsegula pakamwa, choncho kamlathoko kakapindikira m'kati, kuyasamula kumakanika. Ndipo mnofu wamphamvu wotafunira unamangirira pa fupa lomweli, moti ukhoza kumalikokera pansi likakhala lothyoka.

Kutupa kumabisa zambiri

Tsiku loyamba ndi lachiwiri nkhope imatupa kwambiri, ndipo kutupako kumadzaza pamene fupa lalowa. Achibale amaona tsaya lodzadza n'kunena kuti wangotupa, kuthowa ndi madzi ofunda kukwanira. Pakatha sabata imodzi kapena iwiri kutupa kumaphwa, ndipo pamenepo m'pamene amazindikira kuti tsaya limodzi laphwatalala. Ambiri amafika kuchipatala mochedwa chifukwa cha zimenezi, osati chifukwa chonyozera.

Zizindikiro zina zimaoneka msanga. Choyera cha diso chimafiira ndi magazi chakungodya yakunja. Zikope zimada. Kamfuno amatuluka mbali imodzi yokha, chifukwa kuseri kwa tsaya kuli mphako ya mpweya yolumikizana ndi mphuno, ndipo magazi amayamba adzaza mmenemo. Dokotala akayendetsa chala m'mphepete mwa phanga la diso amamva kasitepe pamene fupa ladukira. Ena amaona zinthu ziwiriziwiri, makamaka akayang'ana kumwamba.

Chifukwa cha mphako yomweyo, wodwala amaletsedwa kumina. Akamina mwamphamvu, mpweya umadutsa pa mng'alu n'kukalowa pansi pa khungu kapena kuseri kwa diso, chikope n'kufufuma nthawi yomweyo, ndipo ukhoza kutengera komweko tizilombo ta m'mphuno. Akafuna kuyetsemula azitsegula pakamwa.

Pali zinthu ziwiri zosadikira mawa. Choyamba ndi magazi akamaunjikana kuseri kwa diso. Diso limatong'oka, limalimba, limapweteka kwambiri, ndipo kuona kumachepa. Mtsempha woonera sumapirira kupanikizika kotere kwa nthawi yaitali, ola limodzi kapena awiri akhoza kukwanira kuti munthu asadzaonenso. Dokotala amacheka pang'ono pangodya yakunja ya zikope kuti diso limasuke, ndipo zimenezi zimatheka ngakhale m'chipinda cholandirira ovulala. Chachiwiri chimakonda ana. Mafupa awo ndi ofewa, moti pansi pa phanga la diso pamang'aluka n'kudzitsekanso, kupana mnofu woyendetsa diso. Kunja sikuoneka bala lenileni, koma mwana amalephera kuyang'ana kumwamba, amachita nseru ndi kusanza. Ameneyu amafunika opaleshoni m'tsiku limodzi kapena awiri. Ndipo wina aliyense wovulala kumaso amayamba wapimidwa mutu ndi khosi, chifukwa mphamvu yothyola tsaya ikhoza kuvulazanso ubongo.

Kuona m'kati

Kwa zaka zambiri madokotala ankadalira zala zawo ndi X-ray. Pali kajambulidwe kamene Charles Waters anakafotokoza mu 1915, komwe wodwala amakweza chibwano kuti mafupa a nkhope asaphimbidwe ndi chigaza, ndipo mpaka lero kamathandiza. Koma X-ray imaunjika mafupa onse pa chithunzi chimodzi, moti kupotoloka kwa fupa ndi kung'aluka kwa pansi pa diso sizioneka bwino.

Makina a CT, amene Godfrey Hounsfield anawapanga ndipo anayamba kujambula wodwala ku London mu 1971, anasintha zimenezi. Amajambula mutu m'magawo opyapyala, kompyuta n'kuwasonkhanitsa kuti chigaza chioneke mbali zonse. Lero CT ndiyo muyezo pa kuvulala kotere. Kumene kulibe, dokotala waluso amatha kupeza kuti fupa lathyoka, koma kudziwa kukula kwa bowo la pansi pa diso kumakhala kongoyerekeza.

Si aliyense amene amapita ku opaleshoni

Fupa likang'aluka koma osasuntha, diso likuyenda bwino, pakamwa pakutseguka, palibe chifukwa chocheka munthu. Amapatsidwa mankhwala opha ululu, amauzidwa kuti asagonere mbali imeneyo, azidya zofewa monga phala, nthochi ndi mbatata yophika, asiye kaye nzimbe ndi chimanga chootcha, n'kudzaonekeranso kutupa kukaphwa. Fupa limagwirana pa masabata pafupifupi 6.

Opaleshoni imabwera ngati tsaya lalowa moonekera, pakamwa sipakutseguka, munthu akuonabe ziwiriziwiri, diso likulowa m'kati, kapena fupa lili lendelende. Nthawi yake ndi yopapatiza. Ambiri amadikira masiku angapo kuti kutupa kuchepe, chifukwa n'kovuta kuyerekeza masaya awiri pamene limodzi lafufuma. Koma amafuna kuichita masabata awiri asanathe, popeza akadutsa masabata atatu fupa limakhala litayamba kugwirana pamalo olakwika. Uja wobwezedwa kunyumba sanataidwe, koma tsiku limene wauzidwa kuti abwerenso si loti aliphonye.

Kubwezera fupa m'malo mwake

Apa m'pamene pagona luso lonse. Anthu amachita chidwi ndi tizitsulo, koma tizitsulo timangogwira fupa pamene laikidwa. Likaikidwa molakwika, timaligwirira pomwepo.

Mu 1909, dokotala wa ku America W. W. Keen anafotokoza njira yodzera m'kamwa. Amacheka pang'ono pamwamba pa nkhama za mano akumbuyo, n'kulowetsa chitsulo chonyamulira kuseri kwa fupa. Njira yotchuka kwambiri ndi ya Harold Gillies, mbadwa ya ku New Zealand amene anakula luso pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Pa chipatala cha ku Sidcup ku England, chimene chinatsegulidwa mu 1917, iye ndi anzake anathandiza asilikali oposa 5,000 ophwanyika nkhope. Mu 1927, pamodzi ndi madokotala anzake Kilner ndi Stone, anasindikiza njira yonyamulira tsaya kudzera m'tsitsi.

Imayenda chonchi. Wodwala atagonetsedwa, dokotala amacheka pafupifupi masentimita awiri m'tsitsi, patsogolo ndi pamwamba pa khutu. Amatsika mpaka atapeza kachikopa koyera, konyezimira, kamene kamakuta mnofu wa palitsipa. Akakaboola, mnofu wofiira umaonekera. Pakati pa kachikopako ndi mnofu pali njira yachilengedwe yotsikira pansi pa kamlatho, ndipo chitsulo chimatsetsereka mmenemo popanda chotchinga. Kenaka amanyamulira m'mwamba ndi kunja, dzanja lina lili pa tsaya kumvetsera, osatsamiritsa chitsulocho pa chigaza chifukwa fupa la palitsipa ndi lopyapyala. Nthawi zambiri pamamveka kaphokoso, fupa likubwerera m'malo. Ngati kanathyoka ndi kamlatho kokha, ntchito imathera pomwepo, popanda kachitsulo ngakhale kamodzi, ndipo chipsera chimabisika m'tsitsi.

Vuto limakhala pamene miyendo yonse inayi yathyoka. Dokotala akhoza kulumikiza bwinobwino mwendo wa pansidze, n'kuona kuti mng'alu watsekeka, pamene tebulo lonse lapotolokabe. Kupotoloka kwa pang'ono pamwamba kumakhala kwakukulu pofika pa tsaya. N'chifukwa chake amayang'ana malo angapo nthawi imodzi, ndipo ambiri amakhulupirira kwambiri mwendo wobisika uja wa m'kati mwa phanga la diso. Mzere wake ndi wautali komanso wokhota, ndiye ukagwirizana kuyambira pamwamba mpaka pansi, m'povuta kuti fupa likhale lopotoloka.

Tizitsulo ndi pocheka

Kale fupa likakana kukhazikika, ankalimanga ndi waya, kulichirikiza ndi nsalu zolongedwa m'mphako ya kuseri kwa tsaya, kapena kuligwira ndi zitsulo zotulukira kunja kwa khungu. Waya ankalumikiza, koma sankaletsa kupotoloka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Hans Luhr wa ku Germany anayamba kugwiritsa ntchito tizitsulo tomangira ndi masikuluwu pa mafupa a nkhope. Ku France, François Michelet mu 1973, ndipo pambuyo pake Maxime Champy wa ku Strasbourg, anaonetsa kuti tizitsulo ting'onoting'ono, topindika ndi pulayala, timakwanira ngati taikidwa pamalo oyenera. Lero tambiri ndi ta titanium, chitsulo chopepuka chimene thupi silikangana nacho. Kuchindikala kwake ndi milimita imodzi kapena kucheperapo, moti kamodzi kamakwana pansonga ya chala. Tizitsuloti sitiletsa munthu kujambulidwa ndi MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito.

Pocheka amasankha pobisika. M'kamwa sipasiya chipsera chooneka ndipo m'pamene pali mzati wolimba wa nsagwada yam'mwamba, ndiye ambiri amayambira pamenepo. Pansidze amafikapo kudzera mu mzere wa chikope cham'mwamba. Pansi pa diso akhoza kudzera m'kati mwa chikope cham'munsi, kapena pakhungu pansi penipeni pa nsidze za chikopecho, ngakhale njira yakunjayi nthawi zina imakoka chikope n'kuchisiya chopindikira kunja. Fupa likanyenyeka kwambiri, amacheka m'tsitsi kuchokera kukhutu kukafika kukhutu linzake n'kutsitsa khungu kuti aone zonse. Kwa ife a khungu lakuda, amene zipsera zotupa zimatigwira kawirikawiri kuposa azungu, nkhani ya pocheka ndi yoyenera kuikambirana ndi dokotala isanafike opaleshoni.

Asanamalize, dokotala amagwira diso ndi kopanira kakang'ono n'kuliyendetsa mbali zonse, kuti atsimikize kuti palibe mnofu wopanidwa.

Kufanana kwa mbali ziwiri za nkhope

Palibe munthu amene mbali ziwiri za nkhope yake zimafanana ndendende. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena iwiri maso a anthu sakuona. Choncho cholinga cha opaleshoni ndi kubwezera nkhope imene munthuyo anali nayo, ndipo madokotala ena amapempha chithunzi chakale kuti adziwe kuti kukhota kwina kunalipo kale kapena ayi.

Ena amaitenga nkhani imeneyi ngati ya kukongola chabe, yoyenera anthu a ndalama. Koma fupa lokhala pamalo olakwika limakhudza diso. Phanga la diso limakwana mamililita pafupifupi 30. Tsaya likasunthira kunja kapena pansi, kapena pansi pa phanga pakabooka, phangalo limakula ndipo diso limabwerera m'mbuyo, pafupifupi milimita imodzi pa mililita iliyonse yowonjezera. Zikafika mamilimita awiri anthu amayamba kuona kuti diso limodzi lachepa. Zimenezi sizioneka sabata yoyamba, zimadzaoneka kutupa kutatheratu. Bowo likakhala lalikulu, amalitseka ndi kaukonde ka titanium, kapulasitiki kapadera, kapena kafupa kochotsedwa pena m'thupi la wodwalayo.

Kamlatho nako kali ndi msampha wake. Mwachilengedwe n'kowongoka ndithu pakati pake. Dokotala akakamanga mokhotetsa kwambiri, nkhope imatambasuka m'mbali ndipo tsaya limabwerera m'mbuyo. Komanso fupa likhoza kukhala pamalo ake enieni koma nkhope n'kumaonekabe yosiyana, chifukwa minofu ndi mafuta a tsaya zimene zinasendedwa pa fupa zimatsika ngati sizinasokereredwenso m'mwamba. Ndipo dzanzi lija silithera pa tebulo la opaleshoni. Kwa ambiri limachepa pang'onopang'ono kwa miyezi, kwa ena limatsalirako moyo wonse.

M'zipatala zazikulu za maiko olemera, kompyuta imatenga mbali yabwino ya chigaza pa CT n'kuitembenuza kuti ikhale chitsanzo cha mbali yovulala. Kuchokera pamenepo amatha kusindikiza chigaza cha pulasitiki chopindirapo tizitsulo, kapena kupangiratu chitsulo chokwana munthu mmodzi yekhayo. Ena amajambula CT wodwala adakali mtulo, kuti ngati fupa silinakhale bwino akonze asanatseke.

Kwa wochedwa, fupa litagwirana kale molakwika, njira zilipobe koma ndi zolemera. Amalidulanso dala m'miyendo yake n'kulisuntha, kapena amalisiya n'kuika chodzazitsa pamwamba pake kuti tsaya litumphuke. Chodzazitsacho chimakonza maonekedwe okha, sichitsegula pakamwa potsekeka.

Kwathu kuno

Ku Malawi madokotala odziwa opaleshoni ya nkhope ndi nsagwada ndi ochepa kwambiri, ndipo thandizo lotere limapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Zipatala zambiri za m'maboma zimadalira X-ray. Ntchitoyi ndi yapachibale ndi udokotala wa mano, ndipo maphunziro a digiri ya mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Kuti wophunzira wotere adzafike pokhala katswiri wa mafupa a nkhope pamafunikanso zaka zina zingapo.

Masabata awiri aja amatha msanga kwa munthu amene ayenera kudikira kalata yomutumiza, kusaka thiransipoti, n'kukaima pamzere wa fiyeta pamene pali enanso ovulala kwambiri. Ndiye wachibale amene wamva wodwala akudandaula za dzanzi pa mlomo, kulephera kuyasamula kapena kuona ziwiriziwiri, azinene zimenezi momveka pa ulendo woyamba womwe, osadikira kuti kutupa kuphwe. Pa njinga zamoto, chisoti chophimba pamutu pokha chimateteza ubongo koma tsaya ndi chibwano zimakhala pamtunda. Chotchinga nkhope yonse ndicho chimateteza zimenezi.

Zimene akatswiri sanamvanebe

Funso lakale kwambiri ndi lakuti amange miyendo ingati. Ena amati kachitsulo kamodzi kodzera m'kamwa n'kokwanira ngati fupa silinanyenyeke, ndipo kucheka kulikonse kowonjezera ndi chipsera ndi chiopsezo kwa chikope. Ena amati malo awiri kapena atatu ndiwo amatsimikizira kuti fupa silidzasunthanso. Mkanganowu umatsamira pa funso lina, lakuti mnofu wotafunira uja umakokadi mwamphamvu bwanji munthu atavulala, popeza ululu umamuletsa kuluma.

Sagwirizananso ngati pansi pa diso payenera kutsegulidwa nthawi zonse fupa likasuntha, kapena pokhapokha CT ikaonetsa bowo lalikulu. Pa tizitsulo, madokotala ambiri amatisiya moyo wonse ngati sitikuvuta, n'kuchotsa tokhato timene tatupitsa, tikumveka pansi pa khungu kapena tikupweteka kukazizira, pamene m'maiko ena chizolowezi ndi kutichotsa fupa likapola. Pali tina topangidwa ndi zinthu zosungunuka m'thupi, timene timakondedwa kwa ana chifukwa mafupa awo akukulabe, koma n'tofookerapo ndipo nthawi zina timayambitsa kutupa. Ngakhale maantibayotiki, amene ambiri amawapereka, sizinatsimikizike kuti amathandiza munthu amene alibe bala lotseguka ndipo sakupita ku opaleshoni.

Pali mkangano wina pa dzanzi. Ena amati kunyamula fupa kumamasula mtsempha n'kuuthandiza kuchira, ena amati dzanzi lokha si chifukwa chokwanira chogonetsera munthu, popeza opaleshoniyo nayonso ikhoza kuuvulaza. Ndipo pa makina atsopano a kompyuta aja, n'zodziwika kuti amathandiza pa mafupa onyenyeka ndi pa okonzedwa kachiwiri, koma sizinadziwike bwino ngati amaposa manja ndi maso a dokotala wozolowera pa kuthyoka wamba, kapena ngati kusiyana kwa milimita imodzi kumene amachotsa wodwalayo amakuona n'komwe. Kwa chipatala chimene chiyenera kusankha pakati pa kugula makina otere ndi kugula tizitsulo tokwanira odwala a chaka chonse, yankho la funso limeneli ndi limene lingasonyeze koika ndalama.